Kombo ya besi yonyamula ndi dzanja limodzi: lipoti la ntchito imodzi

Lipoti ili ndi la kombo imodzi ya besi, ampulifaya ndi sipika m'bokosi limodzi, imene ndinapangira woimba wina amene msana unayamba kuwavuta. Ndalembera anzanga amene timakonza ndi kupanga zida zoimbira, chifukwa ntchito yotereyi imaoneka ngati yongofuna sikelo ndi sowo, chonsecho mbali yake yovuta ili m'makutu mwa woimbayo.

Bambowa ndi a zaka za m'ma 50 ndipo aimba besi kuyambira ali mnyamata. Gitala yawo ndi ya nsambo zisanu, yopanda batire mkati. Gulu lawo lili ndi ng'oma, kiyibodi, gitala ndi woimba pakamwa, ndipo kawirikawiri limaimba m'maholo aang'ono, nthawi zina panja pomwe pamakhala masipika akuluakulu ndi munthu wa pa mikisa. Kombo yawo yakale inali ya sipika ya mainchi 15 ndipo inkalemera makilogalamu 34.

Vuto silinayambire pa kamvekedwe. Atauzidwa kuchipatala kuti aleke kunyamula zolemera, anayamba kumaisiya komboyo kunyumba n'kumangolumikiza gitala ku mikisa. Zotsatira zake, sankadzimva bwino pa siteji, ndipo woimba ng'oma anayamba kudandaula kuti besi ikumatsalira. Munthu amene waimba zaka zonsezo akayamba kukayikiridwa ndi anzake, zimamupweteka kuposa msana. Atafika kwa ine ananena mwachidule: "Bambo, kodi chinthu chimenechi mungachichepetse thupi, koma mawu ake akhale omwewo?"

Zimene ndinapeza

Ndinayamba ndi kumasula kombo yakaleyo n'kuyeza chilichonse pachokha. Bokosi lopanda kanthu, la matabwa a mamilimita 18, linakwana makilogalamu 16. Ampulifaya ndi thiransifoma yake 9, sipika yokhala ndi maginito a ferrite 7, ndipo zotsalazo zinali zitsulo za m'makona, chogwirira ndi sefa ya kutsogolo. Ambiri tikamva za kulemera timaloza thiransifoma, koma apa pafupifupi theka la katundu linali matabwa. Kulemera kotereku oimba besi anakuzolowera kalekale. Ampeg SVT, ampulifaya ya besi imene inatuluka mu 1969 ndi mawati 300, payokha imapitirira makilogalamu 35, osawerengera bokosi lake la masipika 8. Mibadwo ya oimba inakula ikukhulupirira kuti besi yabwino iyenera kuthyola msana.

Ndisanajambule kalikonse ndinapita kukawamvera akuimba ndi gulu lawo, ndipo ndinaima pambali pa siteji m'malo mokhala ndi anthu. Ndinaona zinthu zimene iwo sakanandiuza, chifukwa sankadziwa kuti amazichita. Batani la mawu apansi anali atalibweza kumanzere ndithu, poti holoyo inkachita kulindima. Ankaima pafupi kwambiri ndi komboyo, osakwana mamita awiri, moti mawu ankawadutsa m'mawondo. Ndipo nsambo yachisanu, ya B, ankaigwiritsa ntchito kwambiri akukanikiza pamwamba kuti apeze D kapena E popanda kusuntha dzanja. B yosakanikiza inkamveka mwa apo ndi apo, makamaka pomaliza nyimbo.

Mfundo yomalizayi ndi imene inatsegula njira. Nsambo ya E pa besi imanjenjemera pa 41 Hz, kutanthauza maulendo 41 pa sekondi, pomwe B ya nsambo zisanu imatsika mpaka 31 Hz. Kuti sipika itulutse 31 Hz mwamphamvu imafuna bokosi lalikulu, kapena mawati ambirimbiri ndi koni, mbali ya sipika imene imakankha mpweya, yoyenda mtunda wautali. Opanga masipika amatchula lamulo la Hofmann, lochokera kwa J. Anton Hofmann, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya masipika ya KLH: pa zinthu zitatu, bokosi laling'ono, mawu otsika kwambiri, ndi mawu amphamvu pa mawati ochepa, ungasankhe ziwiri zokha. Kasitomala wanga ankafuna bokosi laling'ono ndipo ankaimba ndi ng'oma zenizeni, zimene sizitsitsidwa ndi batani. Choncho chimene chinayenera kuperekedwa nsembe chinali kutsika kwa mawu.

Kuwafotokozera pakamwa sikunathandize. Atamva zoti ndikufuna kudula pansi pa B yawo, nkhope inasintha, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndiye ndinaika high-pass filter, sefa yodula mawu apansi, yotheka kusintha, pakati pa gitala ndi kombo yawo yakale, n'kuwauza kuti aziimba atandifulatira, ndipo akangomva kuti china chake chachoka akweze dzanja. Ndinayamba kukweza pang'onopang'ono kuchokera pa 20 Hz. Ndinadutsa 30, 40, 50, iwo akungoimba. Dzanja linakwera nditayandikira 60 Hz. Atatembenuka n'kuona pamene batani linali, anakhala chete kaye, kenako anati tibwerezenso. Tinabwereza, ndipo zinatuluka chimodzimodzi.

Chifukwa chake n'chodziwika. Nsambo ikalira situlutsa liwu lapansi lokha, imatulutsanso ma harmonic, mawu ena olira pamwamba pake: pa B yosakanikiza pali 62 Hz, 93 Hz ndi ena okwererapo. Pa besi yamagetsi amenewa amakhala amphamvu, ndipo khutu la munthu likawamva limadziwa lokha kuti notiyo ndi B ngakhale 31 Hz yeniyeniyo itachepa. Kombo yawo yakale nayonso sinkatulutsa 31 Hz mokwanira, inkangogwedeza koni. Mawu amene iwo ankawatcha awo, amene ankaopa kuwataya, anali pakati pa 60 ndi 250 Hz. Tinagwirizana tsiku lomwelo: kombo yosapitirira makilogalamu 12, yomveka pamwamba pa ng'oma m'holo yaing'ono, ndipo m'malo aakulu mawu apansi azinyamulidwa ndi masipika a holo kudzera pa DI, potulukira mawu opita ku mikisa.

Zimene ndinasankha

Pa sipika panali njira zitatu. Ya mainchi 15 ili ndi koni yaikulu, pafupifupi masikweya sentimita 850, koma imafuna bokosi lalikulu, ndipo mawu ake apakati amapita molunjika kutsogolo kokha. Ziwiri za mainchi 10 zimapereka pafupifupi 680 pamodzi, koma ndi maginito awiri ndi thabwa lakutsogolo lotambalala. Ndinatenga imodzi ya mainchi 12, ya koni pafupifupi 530, yokhala ndi maginito a neodymium, yolemera makilogalamu awiri ndi theka. Posankha sindinayang'ane kwambiri mawati olembedwa pa katoni. Ndinayang'ana manambala a Thiele ndi Small, akatswiri awiri amene ntchito yawo ku Australia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 inatipatsa njira yowerengera bokosi tisanadule thabwa. Pa manambalawo, imene ndimaiyang'anitsitsa pa besi ndi Xmax, mtunda umene koni ingayende mawu asanasokonekere. Iyi inali ndi mamilimita pafupifupi 7. Sipika ya besi nthawi zambiri imatha mtunda isanathe mawati.

Ndinasankha dala ya ma ohm 8 osati 4 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi). Ampulifaya imene ndinagula imapereka mawati 500 pa ma ohm 4 ndi pafupifupi 250 pa ma ohm 8. Bambowa poyamba anaona ngati ndikuwabera theka la mphamvu. Koma kuwirikiza mawati kumangowonjezera 3 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu), ndipo kuti khutu limve ngati mawu awirikiza pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawati kuchulukitsa ka 10. Sipika imodzi ya mainchi 12 sikanachita nawo kanthu mawati 500 pa mawu apansi kupatula kutentha. Ma ohm 8 anasiya mpata wolumikiza bokosi lachiwiri mtsogolo.

Ampulifayayo ndi ya mtundu wotchedwa Class D, yokhala ndi switch-mode power supply, gawo lopereka magetsi losafuna thiransifoma yolemera, pa bolodi lomwelo, ndipo m'malo mwa makilogalamu 9 aja, iyo pamodzi ndi preamp (gawo limene gitala imalowera, la mabatani a kamvekedwe) ndi chitsulo chake sinakwane awiri. Class D imasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu yopita ku sipika, pomwe mtundu wakale wa Class AB umataya yambiri ngati kutentha. Mabolodi oterewa amapangidwa ndi makampani ngati ICEpower ya ku Denmark ndi Hypex ya ku Netherlands, ndipo malangizo anga kwa aliyense ndi oti agule bolodi lopangidwa kale, loyesedwa. Mkati mwa power supply yotere muli magetsi opha munthu ngakhale mutazimitsa, ndipo woimba amagwira nsambo zachitsulo usiku wonse. Waya wa earth ndinaumanga pa chitsulo ndi bawuti yakeyake, yosagwira ntchito ina iliyonse. Preamp ndinapanga ndekha, yosavuta: polowera pa megohm imodzi kuti gitala yopanda batire isafooke, mabatani anayi a kamvekedwe, limiter yoletsa mawu kupitirira malire, ndi DI ya pulagi ya XLR yotenga mawu asanadutse pa mabataniwo, yokhala ndi ground lift, batani lothandiza kuchotsa kung'ung'uza kwa magetsi.

Bokosi ndi limene linandidyera nthawi, ndipo linayenera kutero. Matabwa onse pamodzi anali pafupifupi sikweya mita imodzi. Pa pulayiwudi ya birch ya mamilimita 18 zimenezi zikanakhala makilogalamu 12, cholinga chonse n'kuthera pomwepo. Pa ya poplar ya mamilimita 12 zinakhala pang'ono kupitirira 5. Koma kuuma kwa thabwa kumatsika mofulumira kuposa kulemera kwake: mukachoka pa 18 kufika pa 12, ngakhale mtengo utakhala womwewo, kuuma kumatsala kosakwana gawo limodzi mwa atatu. Thabwa lofewa limapuma limodzi ndi sipika, n'kumadya mphamvu imene ikanakhala mawu. Mankhwala ake ndi nthiti zamkati. Ndinadula timatabwa topyapyala n'kutiimika chammbali, osati chogona, n'kutimata ndi guluu kuzungulira mkati, ndipo ndinaika zolumikiza kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi kuchokera mbali ina kufika inzake. Zonsezi sizinakwane kilogalamu. Ampulifaya inakhala m'kachipinda kakekake pamwamba, kotsekedwa bwino kuti mpweya wa sipika usalowemo. Mpweya wotsala wa sipika unali malita 45.

Kuyesa pa benchi

Bokosili ndi la port, paipi yotulutsira mpweya imene imalira pamodzi ndi mpweya wa mkati monga limalirira botolo mukauzira pakamwa pake. Ndinalichuna pa 50 Hz. Wina angafunse chifukwa chimene sindinalichunire pa 31 Hz kuti lithandize B. Kuwerengera kumayankha: m'malita 45, paipi ya masentimita 10 m'mimba mwake ikanafunika kutalika masentimita pafupifupi 47, kuposa kuya kwa bokosi lenilenilo, ndipo mawu a pakati pa 60 ndi 100 Hz, amene bambowa amadalira, akanafooka.

Ndinayamba ndi paipi ya masentimita 7.5, yotalika 6, popeza imadya malo ochepa. Pa voliyumu yotsika inali bwino. Nditakweza, inayamba kupemerera, fuu fuu, pa noti iliyonse yapansi, ndipo kapepala kamene ndinayandikiza pakamwa pake kanachita kuuluka. Mpweya ukathamanga kupitirira mamita pafupifupi 17 pa sekondi mu port, phokoso lake limayamba kumveka. Ndinasintha n'kuika ya masentimita 10 yotalika 14, yokhala ndi milomo yozungulira mbali zonse ziwiri, ndipo kupemererako kunatha. Potsimikiza kachunidwe ndinalowetsa liwu limodzi la jenereta n'kumalitsitsa chala chili pa koni. Pofika pa 50 Hz koniyo inatsala pang'ono kuimiratu pomwe port inkapuma mwamphamvu. Pamenepo ndi pamene bokosi lachunidwa, ndipo njira imeneyi sifuna chida chodula.

Pansi pa 50 Hz imeneyo zinthu zimatembenuka. Mpweya wa m'bokosi umaleka kugwira koni, ndipo imayamba kukupiza yokha. Ndinadontheza choko choyera pa koni n'kuimba B yosakanikiza filter itazimitsidwa: kadonthoko kanasanduka mzere wautali, koma mawu otuluka anali ochepa ndiponso auve. Nditayatsa filter, ya 24 dB pa octave (ma Hz akatsika ndi theka), yoikidwa pa 40 Hz, mzerewo unafupika, ndipo B inamveka yoyera ndi yamphamvu kuposa poyamba. Filter imeneyi imatsitsa 31 Hz ndi pafupifupi 9 dB. Ndinaimangira mkati, yopanda batani lozimitsira. Ndikudziwa kuti ena satsatira zimenezi, amati woimba azisankha yekha, koma m'bokosi laling'ono la port filter imeneyi ndi chitetezo cha sipika, ndipo tsiku limene wina angabwereke komboyo n'kuizimitsa ndi tsiku limene koyilo, waya wokulungidwa umene umayendetsa koni, idzagunde pansi.

Zina zinali zing'onozing'ono. Thabwa lakumbuyo linkalira pa noti imodzi, ndinalipeza poyendetsa chikhatho mpaka kulirako kutasiya, n'kuikapo nthiti ina. Pankamvekanso kaphokoso kopyapyala kochokera ku power supply gitala ikangolumikizidwa. Ndinapota mawaya a preamp, kuwapititsa kutali ndi bolodi la magetsi, kuika kachitsulo ka aluminiyamu pakati, ndipo ma ground onse ndinawakumanitsa pamalo amodzi. Chogwirira ndinachiika pomaliza penipeni, nditapeza pakati pa kulemera poikhazika komboyo pa paipi yozungulira. Chogwirira chikaphonya pamenepo ngakhale pang'ono, bokosi limapendekeka n'kumamenya mwendo, ndipo kwa munthu wa msana wovuta kupendekekako n'koipa kuposa kilogalamu yowonjezera. Pa sikelo inakwana makilogalamu 11.8.

Itapita kukagwira ntchito

Maulendo oyamba anayenda bwino. Kenako anandiimbira foni m'mawa wina, mawu ali okhumudwa: komboyo inazima pakati pa nyimbo m'holo yodzaza ndi yotentha, n'kuyakanso yokha patapita kanthawi. Pa benchi sindinapeze chowonongeka. Chinali chitetezo cha kutentha chimene chinagwira ntchito yake. Funso linali lakuti n'chifukwa chiyani inatentha chotero.

Nditawafunsa bwinobwino, zinatuluka zinthu ziwiri. Choyamba, siteji inali yopanikiza, ndipo komboyo anaikankhira pa katani yokhuthala, mabowo a mpweya ali kumbuyo. Ampulifaya yopepuka imataya kutentha kochepa, n'zoona, koma ilibenso chitsulo chambiri chosungira kutenthako, choncho mpweya ukatsekeka imatentha msanga. Chachiwiri, chimene ndinachiona kuti ndi gwero, anati sankadzimva ndipo ankangowonjezera voliyumu. Kombo yatsopanoyi ndi yaifupi kuposa yakale ija. Ataima nayo pafupi, mawu apakati, amene amamuuza woimba kuti chala chagunda liti, ankadutsa m'akakolo. Anthu m'holo ankaimva mokwanira, mwini wake ayi. Akakweza, koyilo ya sipika inkatentha. Mkuwa ukatentha umakaniza magetsi, pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse, moti koyilo ikakwera ndi madigiri 100 kukanizako kumakwera ndi pafupifupi 40 peresenti ndipo mawu amatsika. Mawu akatsika, iwo ankakwezanso. Mapeto ake anali kuzima kuja.

Kuika fani kokha kukanabisa vutoli. Fani ndinaikadi, yaing'ono, yoyamba kuzungulira chitsulo chikafika madigiri 50, ndipo mabowo a mpweya ndinawasamutsira m'mbali kuti khoma kapena katani zisawatseke. Koma chimene chinathetsa nkhaniyi ndi kamwendo kopinda kamene ndinaika pansi kutsogolo, kopendeketsa bokosi chagada kuti sipika iyang'ane kumutu kwa woimba. Ndinawasonyezanso kuti akasowa kudzimva azikweza batani la mawu apakati, cha m'ma 800 Hz, asanakhudze voliyumu. Nditapitanso kukawamvera, voliyumu inali pansi kuposa kale, fani sinayake n'komwe, ndipo woimba ng'oma anandiuza yekha kuti tsopano akumva pamene noti iliyonse ikuyambira. Kwa ife opanga, phunziro lake ndi lakuti tikafupikitsa bokosi tasuntha sipika kuichotsa pamene khutu linazolowera, ndipo zimenezi sizioneka pa benchi.

Tsiku lomwelo ndinaona kuti pa siteji yamatabwa komboyo inkasuntha yokha pang'onopang'ono akamaimba mwamphamvu. Ya makilogalamu 34 sinkachita zimenezi. Timiyendo ta mphira yofewa, totambalala, m'malo mwa tolimba timene tinalipo, tinaikhazika.

Malire ake anaonekera pa mwambo wina wapanja pomwe panalibe masipika akuluakulu. Panja palibe makoma obweza mawu apansi, ndipo sipika imodzi ya mainchi 12 inalephera kufika kumbuyo kwa anthu. Limiter inateteza sipika, koma besi inachepa. Izi tinali titakambirana kale, ndiye sanadabwe. Anaitanitsa bokosi lachiwiri lofanana, la ma ohm 8, lopanda ampulifaya, lolemera makilogalamu 9 ndi theka. Awiriwa akalumikizidwa ampulifaya imaona ma ohm 4 n'kutulutsa mawati ake onse, ndipo makoni awiri oyandikana amathandizana pa mawu apansi, moti phindu limatha kufika 6 dB. Akasanjika limodzi pamwamba pa linzake, sipika yapamwamba imafika pafupi ndi khutu ndipo kamwendo kaja sikafunikanso. Amalinyamula pokhapokha pamene malo akufuna, ndipo amayenda kawiri ndi katundu wopepuka m'malo moyenda kamodzi ndi wolemera.

Patapita miyezi ingapo anabweretsa komboyo kuti ndiione. Sipika, ampulifaya ndi nthiti zamkati zinali bwino. Chimene chinaonetsa kutopa ndi poplar: ndi mtengo wofewa, makona anali atafwanyika pang'ono, ndipo zomangira za chogwirira zinayamba kugwedera m'mabowo. Ndinazichotsa n'kuika mabawuti odutsa, okhala ndi kathabwa ka birch kumbuyo kwake, ndipo ndinachita chimodzimodzi pa mabawuti a sipika. M'makona ndinaika zotetezera zapulasitiki zokulirapo. Zimenezi zinawonjezera magalamu 300, komboyo n'kupitirira pang'ono makilogalamu 12 amene tinagwirizana, ndipo bambowa anavomera. Pa makombo amene ndapanga pambuyo pake, timatabwa ta birch timeneti ndimatiika kuyambira pachiyambi paliponse pamene bawuti inyamula katundu, ndipo kamwendo kopendeketsa kamalowa m'chojambula choyamba.